Bokosi la Nkhawa ndi Dzanja Langa Lamanzere

Ndiyambe n'kuvomera, kuti musadzamve kwa ena ine nditapita. Amene anayambitsa nkhani ya bokosi ija ndine. Si ana a Fomu 3 monga ena ankanenera, si anthu a ku yunivesite ayi. Ndine, bambo anu, ndi dzanja langa lamanzereli. Iwe Tiyamike unali utakwatiwa kale nthawi imeneyo, iwe Madalitso unali ku Lilongwe. Munangomva kuti andisamutsira kuphiri, ine n'kukuuzani kuti ndinachita kupempha ndekha chifukwa ndinkafuna mphepo yabwino. Linali bodza. Mayi anu ankadziwa zonse, ndipo anakhala sabata yathunthu akundipatsa madzi osamba osandiyankhula.

Ku Songani, ntchito yanga yoyamba

Nditamaliza Fomu 4 ndinakhala pakhomo miyezi ingapo, kenako ndinapeza ntchito ya ukalaliki pa sekondale ina chakufupi ndi Songani. Chimene sindinawauze pondifunsa mafunso n'choti luso langa lenileni silinali kutayipa. Kuyambira ndili Fomu 2 ndinkatha kutengera zolemba za munthu aliyense. Ndinkalembera anzanga makalata ochokera kwa makolo awo, ndinkasaina ngati aphunzitsi oyang'anira kogona, ndipo tsiku lina ndinapachika chidziwitso chakuti mawa kulibe sukulu poti a hedi akukayesa suti kwa telala. Ana theka sanabwere m'kalasi. Anandikwapula zikoti zisanu ndi chimodzi, ndipo mpaka lero ndikakumbuka ndimaseka ndekha. Zimenezo sindinalapepo, ndipo sindikuona chifukwa choyambira pano.

Ku Songaniko kunkasowa chilichonse. Riboni ya tayipi inkauma mwezi woyamba wa teremu, ine n'kumaipaka polishi wa nsapato wosakaniza ndi palafini, mapepala a mayeso n'kumatuluka akununkha ngati jombo ya wapolisi. Sitensulo imodzi yosindikizira mapepala tinkaisamala ngati mwana wakhanda. Koma kumeneko ndi kumene ndinaphunzira chinthu chimene chinandiyendetsa zaka zonse za ntchito: bwana akatopa amasaina osawerenga. Ndinayesera pa a hedi a kumeneko, bambo wabwino amene ankagona akangodya masana. Pansi pa chidziwitso cha msonkhano wa aphunzitsi ndinawonjezera mzere woti aliyense abwere ndi khasu. Anasaina, ine n'kudinda. Loweruka aphunzitsi onse anafika atamanga matayi, makasu ali paphewa. A hedi anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "A Makwinja, popeza makasu abwera, tiyeni tilime kumene kuseri kwa labuko. Inu muyambe." Ndinalima mizere yambiri kuposa onse, koma chinangwa chake tinadya chaka chotsatira.

Kusamukira m'tauni

Patapita zaka zambiri anandisamutsira pa sekondale yoyendera ya m'munsi mwa phiri, mbali ya ku Sadzi, ife n'kupeza nyumba ija ya ku Chikanda. Dzina la sukuluyo sindilemba, ndipo mayina a anthu ndawasintha. Tayipi inali itapita, kunabwera kompyuta, koma magetsi akazima ndinkabwerera ku cholembera. A hedi anali a Chilemba, munthu woopa phokoso, amene yankho lawo pa nkhani iliyonse yovuta linali lakuti, "Tione mawa." Wachiwiri wawo anali a Kumbanyiwa. Iwowa ankaima pageti m'mawa uliwonse ali ndi sizasi m'thumba la malaya, ndipo mwana wa tsitsi lokulirapo ankamudula kanjira pakati pa mutu kuti akamalize yekha kunyumba. Ine ndi iwo sitinkamwerana madzi. Ankanditchula kuti "a tayipisiti" pamaso pa ana, komanso ankandituma mandasi ngati ndine wa Fomu 1, ine ndili ndi imvi.

Makalata onse a makolo opepesa kuti mwana wajomba ankadutsa patebulo panga. Ndi mmene ndinamudziwira Esinala, mtsikana wa Fomu 3 wa ku Chikanda komweko, wosayankhulayankhula, wakuthwa pa masamu. Pafupifupi sabata iliyonse ankabweretsa kalata yochokera kwa mayi ake: ndinamutuma kuchigayo, anali ndi malungo, tinali ndi maliro ku Jali. Nditangoona yachiwiri ndinadziwa kuti amalemba yekha. Ankapendeketsa zilembo chakumbuyo kuti zioneke za munthu wamkulu, koma ankaiwala mchira wa y, umene ankaupinda ngati mbedza monga ankachitira m'makope ake. Ntchito yake inali yabwino ndithu, moti ndinkamusirira ngati mnzanga pa luso. Tsiku lina ndinamuuza ndikumwetulira kuti, "Ukawauze mayi ako kuti amalemba bwino kwabasi." Anauma pomwepo, maso pansi, kenako anatuluka osatseka chitseko. Ine ndinaseka. Ndinkaganiza kuti ali ndi kachibwenzi ku koleji.

Teremu yachiwiri, chaka chimene bokosi linabwera

Anabwera Lolemba pa asembule: a Dokotala Nasoro a ku yunivesite, mayi wamfupi wovala magalasi, ndi ophunzira awo awiri. Anayankhula m'Chichewa chomveka bwino. Anati akuchita kafukufuku wofuna kudziwa zimene zimalemetsa ana a sukulu m'maganizo, komanso kupeza njira zowathandizira pasukulu pomwepo zinthu zisanafike poipa. Makolo anali atasaina kale mapepala ovomereza, amene ndinawasindikiza ndine. Kenako anaonetsa bokosi lamatabwa lopaka penti wobiriwira, la kaboo pamwamba ndi loko pambali. Analikhomera kuseri kwa laibulale, kumene mphunzitsi sangaone amene akuponyamo. Mawu awo ndikuwakumbukabe: "Kiyi ili ndi ine ndekha. Lemba chimene chikukusowetsa mtendere. Dzina usalembe ngati sukufuna. Palibe mphunzitsi amene adzawerenge. Ngati ukufuna kuyankhula ndi munthu, Lachisanu lililonse masana tizikhala m'laibulale." Ana anayamba kulitchula kuti bokosi la nkhawa.

M'chipinda cha aphunzitsi tinaseka nkhaniyo mpaka tiyi kuzizira. Wina anati ana a masiku ano ali ndi sitiresi chifukwa cha mafoni. A Kumbanyiwa anati, "Chipatala cha amisala chili pompano, mtunda woyenda wapansi. Bwanji osangowafoletsa n'kupita nawo onse?" Ine ndinaseka kwambiri kuposa aliyense, ndipo ndinawonjezerapo zanga zimene sindingazilembe m'buku loti adzukulu anga adzawerenga. Ndikuseka choncho m'pamene maganizo anandifikira.

Lachitatu lotsatira ndinang'amba pepala m'kope lakale, ndinagwira cholembera kumanzere kuti zilembo zigwedezeke ngati za mwana, n'kulemba kuti: "Sindigona tulo. Ndikatseka maso ndimaona sizasi ikuyenda yokha pageti." Ndinaponyamo ana ali m'makalasi. Sabata yotsatira ndinalemba awiri, ndi zolembera zosiyana. Mmodzi anali mnyamata amene amanjenjemera akamva telala akudula nsalu. Wina anali mtsikana amene amafika pageti n'kubwerera. Ndinkawapeka ndili pa kabaza popita kuntchito, ndikuseka ndekha mpaka wopalasa kutembenuka. Teremu isanathe ndinali nditaponyamo khumi ndi limodzi. Mumtima ndinkati sindikulakwira munthu. Sizasi inalikodi, ndipo ana ankaiopadi.

Chakumapeto kwa teremu, Lachinayi masana, a Dokotala anakumana ndi aphunzitsi kuti afotokoze mitu ikuluikulu ya zimene ana akudandaula, popanda kutchula mwana kapena kuwerenga kalata. Ananena za njala, za mantha a mayeso, za ana amene anaferedwa koma palibe anawafunsapo kuti ali bwanji. Kenako anavula magalasi n'kunena mofatsa kuti, "Palinso nkhani ina imene ikubwera mobwerezabwereza, ndipo ikutidetsa nkhawa. Ndi nkhani ya sizasi." Mphunzitsi wa Jogalafe anatsamwa ndi tiyi, kenako chipinda chonse chinaphulika. A Kumbanyiwa anakhala chilili, mitsempha ya pakhosi ili tolotolo. Ine ndinali kumbuyo ndi kope lolembamo zokambirana, nditaluma cholembera kuti ndisagwe pampando. Sindinama, tsiku limenelo ndinapita kunyumba wosangalala ngati mwana.

Lachisanu lija

Mawa lake, belu la buleki litangolira, a Kumbanyiwa analowa m'chipinda cha aphunzitsi atanyamula bokosi m'khwapa, hamala ili m'manja. Anali atalizula pakhoma ndi misomali yomwe. A Chilemba anadzuka pang'ono pampando n'kunena kuti, "Sala, mwina tikanadikira eni ake, tione mawa," koma anakhalanso pansi. Loko inaduka atamenya kachiwiri. Munali timapepala tisanu ndi tinayi, ndipo tiwiri tinali tanga.

"A tayipisiti, bwerani mukhale apa," anatero a Kumbanyiwa. "Inu mumadziwa zolemba za mwana aliyense pasukulu pano. Ine ndiziwerenga, inu muzindiuza dzina. Lero ndimupeza amene akundinyozetsa kwa alendo."

Ndinakhala. Ana anga, apa m'pamene ndikufuna muwerenge mosathamanga. Ndinakhala pampandopo, ndipo m'mimba munali kaphwete. Zinkandikomera kuti wakuba wapatsidwa ntchito yofufuza wakuba.

Anawerenga koyamba mokweza. Kanali ka mnyamata amene bambo ake anamuuza kuti akalephera mayeso asabwererenso pakhomo. Wina anati, "Ndiye awerenge, basi," ena n'kuseka. Ndinazidziwa zolembazo, koma ndinati, "Izi sindikuzizindikira bwino, sala." Kachiwiri kanali ka mtsikana amene anzake ankamuseka chifukwa cha chibwibwi. Pasukulu yonse wachibwibwi anali mmodzi, ndipo aliyense m'chipindamo anadziwa popanda ine kutsegula pakamwa. Kachitatu sindikakumbukanso bwino. Ine ndinkadziuza kuti malinga ngati sinditchula dzina, manja anga ndi oyera.

Kachinayi kanali kopindapinda mpaka kukhala ngati njere ya chimanga. Akukatambasula ndinaona mchira wa y wopindika ngati mbedza. Sikanali kopendekera chakumbuyo ayi. Ulendo uno Esinala analemba ngati iye mwini.

"Mayi anga anadwala mutu chimwalirireni bambo," anawerenga a Kumbanyiwa. "Ndikamabwera kusukulu ndimawatsekera m'nyumba ndi loko kuti asasochere. M'kalasi ndimangoganiza kuti mwina ayatsa mbaula. Ndikuopa kuti anthu akadziwa adzawatenga, ndipo ine ndi ang'ono anga adzatigawa kwa achibale."

Ziganizo zinayi. Ndinazibwereza m'mutu pambuyo pake kambirimbiri. Ndinadziwa mwini wake asanayambe n'komwe choyamba, koma ndinakhala chete mpaka chachinayi. Mukudziwa chimene ndinkaganiza? Ndinkaganiza kuti kwanditsalira zaka ziwiri zokha kuti ndipume pantchito, ndipo munthu wa imvi kuvomera zachibwana pamaso pa aphunzitsi amene ena ndinawaona akubwera ali anyamata ndi chinthu chochititsa manyazi. Makalata onse aja a kuchigayo ndi a maliro a ku Jali anandibwerera nthawi imodzi, pamodzi ndi mawu anga aja akuti mayi ako amalemba bwino. Komabe ndinakhala.

Chimene chinandidzutsa ndi madamu ena ophunzitsa Chingerezi, amenenso ankakhala ku Chikanda. Anaika kapu pansi n'kunena kuti, "Iii, kodi ameneyu si mwana wa malemu aja a kuseri kwa..."

Ndinaika dzanja papepalapo. "Sala, siyani. Za sizasi zija ndinalemba ndine."

"Mwati bwanji?"

"Ndati ndine. Onse khumi ndi limodzi, kuphatikizapo awiri ali apawa. Anawa alibe mlandu."

"A Makwinja, ino si nthawi ya nthabwala zanu," anatero a Chilemba.

Ndinatenga choko, ndinapita pa bolodi la zidziwitso, n'kulemba ndi dzanja lamanzere kuti ndikatseka maso ndimaona sizasi ikuyenda yokha pageti. Kenako ndinatola kapepala kanga kamodzi patebulo n'kukagundika pambali pa zolembazo. Palibe anaseka. Moyo wanga wonse ndinkakonda mphindi imene anthu amazindikira kuti ndawapusitsa. Imeneyi inali yoyamba imene ndinalakalaka pansi patang'ambika.

A Dokotala anafika masana monga mwa nthawi zonse, n'kupeza bokosi lili patebulo, loko ili pansi. Sanakalipe. Anatola timapepala tonse kamodzikamodzi, anatiika m'chikwama, n'kufunsa kuti tawerengedwa tingati komanso pamaso pa ndani. Atamva, anatseka maso kanthawi. Kenako anandipeza ku ofesi kwanga.

"Bambo Makwinja, muli ndi ana?"

"Awiri, madamu. Akuluakulu."

"Makalata anu aja tinakhala nawo pansi masabata asanu. Tinkafunafuna mwana amene sakugona tulo. Mmodzi wa ophunzira anga ankabwera ngakhale Lachitatu, tsiku losakhala lathu, kudzakhala m'laibulale yekhayekha kuti mwina mwanayo alimba mtima. Ndipo mtsikana wa lero uja, aka kanali koyamba. Zamutengera teremu yathunthu kuti atikhulupirire."

Ndinafuna kuyankha kanthu koseketsa, chifukwa ndi chokhacho chimene ndimadziwa kuchita.

Zimene zinatsatira

Pofika Lolemba nkhani inali itafika kale ku Chikanda. Mayi anu anaimva pa mpopi, kwa anthu amene sankadziwa kuti akuuza mkazi wa mwini mlandu. Esinala anajomba masabata awiri, ndipo ulendo uno sipanabwere kalata iliyonse patebulo panga. M'mawa uliwonse ndinkayang'ana m'thireyi ya makalata, ndikupemphera kuti ndione mbedza ija.

Amene anakonza zimene zikanatheka kukonzedwa ndi a Dokotala, osati ine. Anapita kunyumbako ndi namwino, anakhala pansi ndi banjalo maulendo angapo. Mayiwo anayamba kulandira mankhwala akugonera pakhomo, ndipo azakhali ena anabwera kuchokera kumudzi kudzakhala nawo, moti anawo sanagawidwe. Esinala anabwerera teremu yachitatu, ndipo chaka chotsatira analemba mayeso. Musaganize kuti ndikunena izi kuti ndidziyeretse. Thandizo limenelo akanalipeza ndithu Lachisanu lomwelo masana, mwakachetechete, m'laibulale, monga anamulonjezera. Chifukwa cha ine analipeza pamodzi ndi dzina limene ana anzake anamupatsa, limene ankalinong'ona akamadutsa. Sanandipatsenso moni. Tikakumana pamsika amatembenukira ku tomato, ndipo ine ndimamusiya atero, chifukwa ali ndi ufulu.

A yunivesite anabweretsa bokosi lina, la maloko awiri. Ndikamadutsa kuseri kwa laibulale popanda ondiona ndinkaligogoda pambali n'kutchera khutu. Linkalira ngati ng'oma yopanda kanthu, sabata ndi sabata mpaka ndinachoka. Sizasi yokha ndi imene inasowa pageti, ndipo anyamata ena a Fomu 4 ankandiimikira chala chachikulu ndikamadutsa. Chimenecho chinkandiwawa kuposa kutukwanidwa.

Chilango

A Kumbanyiwa sanapatsidwe chilango chilichonse. Anati anathyola bokosi chifukwa choputidwa, ndipo a Chilemba anati nkhani imeneyo tiiona mawa. Ine anandigamula kalata yochenjeza, komanso kuti zaka ziwiri zotsalazo ndikamalizire pa kasukulu kena pamwamba pa phiri. Vuto linali limodzi: pasukulupo wotayipa makalata ndinali ine ndekha.

"Tayipani nokha, a Makwinja," anatero a Chilemba osandiyang'ana. "Mukudziwa mmene timalembera. Kope limodzi ku ofesi ya maphunziro, lina kwa a Dokotala, lina m'fayilo mwanu."

Ndinaitayipa bwinobwino, ndipo sindinadzinyengerere. Ndinalemba kuti ndinachita zachibwana zosayenera msinkhu wanga, kuti ndinasocheretsa ofufuza, kuti ndinanyozetsa sukulu. Ndinadikira mpaka atadya masana, dzuwa lili pawindo lawo, n'kulowa nayo pamodzi ndi makalata ena asanu ndi awiri a za choko ndi matsache. Anasaina onse motsatana osawerenga, ine n'kudinda.

Kuphiriko sindinavutike. Kunkazizira mpaka zala kukana kompyuta, nkhungu inkalowa m'kalasi ngati mwana wochedwa, koma ndinadya masitiroberi okwana moyo wanga wonse, ndipo a hedi a kumeneko ankawerenga chilichonse kawiri asanasaine, poti mbiri yanga inali itafika ine ndisanafike. Chilango chimenecho ndinachilandira ngati zikoti zija za Fomu 2.

Kalatayo muipeza m'sutikesi yabuluu, pansi pa satifiketi yanga. Mukawerenge ndime yomaliza, imene ili pamwamba penipeni pa siginecha ya a Chilemba ndi chidindo cha sukulu. Imati kuyambira tsiku limenelo, mphunzitsi aliyense wokhudza bokosi la ana, ngakhale hedi kapena wachiwiri wake, adzakayankha yekha ku ofesi ya maphunziro. A Chilemba anaidziwa ndimeyo patapita masabata atatu, a Dokotala atawaimbira foni kuwathokoza chifukwa cha kulimba mtima kwawo. Ndinamva kuti anayankha kuti, "Zikomo, madamu, ndi udindo wathu," kenako anaitanitsa fayilo yanga.